Mpando wa Kutsogolo

Pikiapu ya matola inamutsitsa pansi pa mtengo wa mango. Mdima unali utagwa kale.

"Ku Fort Lister ndi kunoko, akulu," anatero dalaivala. "Kupitirira apa ndi njinga basi."

Galimoto inatembenuka n'kupita ndi magetsi ake. Laston anatsala yekha. Uku phiri la Mulanje, uku la Michesi, onse awiri bii! Mwana wobadwira ku Ndirande, wozolowera mahutala ndi magetsi a m'misewu, anali asanaonepo mdima wotere.

Anatulutsa foni. Netiweki panalibe. Anatsegula uthenga womaliza, umene anali atauloweza kale pamtima.

"Ndakusowani adalaivala anga. Mpando wanga uja muzindisungirabe."

Anamwetulira mumdimamo. Fyness sankadziwa kuti iye akubwera. Mawa adzadumpha bwanji mwana ameneyu?

Anakumana pa siteji ku Limbe. Nthawi imeneyo Laston ankayendetsa minibasi ya ku Bangwe. Mtsikanayo anali ndi thumba la nandolo, oitanira akumukokera uku ndi uku.

"Asisi, kumbuyoko kuli fumbi," anatero Laston. "Bwerani kutsogolo kuno."

"Kutsogolo amakhala mabwana."

"Lero bwana ndinu. Dzina?"

"Fyness."

"Kwa ine ndiwe Fayi. Mpando uwu kuyambira lero ndi wako. Wina akakhalapo, wangobwereka."

Fyness anaseka atagwira pakamwa. Basi, zinayambira pomwepo. Masabata onse amene anakhala kwa azakhali ake ku Bangwe, mpandowo unali wake. Tsiku lobwerera ku Phalombe, anamugwira Laston mkono wa malaya.

"Kwathu mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi. Amaumba njerwa, n'kumanga pamalo a apongozi ake. Mukadzabwera, mudzabwere ndi chikombole."

"Fayi wanga, mvula ikangotha ndatulukira."

Mvula inatha. Laston anapeza ntchito ya lole, ulendo wa ku Mwanza. "Ndikabwerako ku Mwanza, mtima wanga." Anabwerako n'kupitirira ku Lilongwe. "Khirisimasi ino tidyera limodzi, duwa la ku Michesi." Khirisimasi inamupeza ku Mzuzu. Mvula ina inagwa, inathanso. Mauthenga okha ndiwo sankaleka. Fyness ankakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, pamene netiweki inkapezeka, n'kuyankha mokoma nthawi zonse.

Tsiku lina Laston anadzuka m'lole pa Zalewa, khosi likupweteka. Anadzifunsa: kodi chitseko chimene ndingati ndi changa chili kuti? Sabata yomweyo anabweza makiyi kwa bwana wake. Anapita kwa kalipentala mu msika wa Ndirande.

Ndiye lero anali pano. M'chikwama munali malaya awiri, chitenje chatsopano, ndi chikombole cha matabwa chonunkhirabe utuchi.

Koma wofunsira mbeta sagogoda kwa eni mbumba mumdima. Zimenezo ankazidziwa ngakhale anali wa m'tauni. Anafunika pogona. Cha kumtunda anaona moto, ndipo anaulondola.

Unali uvuni wa njerwa. Moto unkatuluka m'mabowo ake, ndipo amuna atatu anali chapafupi.

"Odi kuno!"

"Odini," anayankha mkulu wina wamfupi, wa ndevu zotuwa. "Koma chenjerani, bambo. Mwatsamira lole yanga. Injini ikadali yotentha."

Laston anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Udzu wokhawokha. Anayang'ana mkuluyo. Nkhope inali yosaseka n'komwe.

Laston anasuntha pang'ono. Anagogoda m'malere ndi chala, kenaka anamenya ndi nsapato pamene panalibe kanthu.

"Pepani madala. Koma tayala lakumbuyoli laphwa."

Kenaka chiphwete chinaphulika.

"Uyu ndi wathu!" anakuwa mkuluyo. "Khalani pansi, amakanika! Takhala tikukudikirani zaka!"

Mkuluyo anali a Goliati. Wonenepa wokumbatira wailesi anali a Howard. Wachitatu, mnyamata wa manja akuluakulu amene ankasonkhezera moto, anali Tobias. Palibe mwa iwo anali ndi galimoto. Msewu wawo galimoto zinkauopa. Koma madzulo aliwonse akakumana, aliyense ankafika ndi yake, n'kuimika pamalo pake. Mudzi wonse unkadziwa. Ana ankalambalala lole ya a Goliati popita kusukulu.

"Mwachokera kuti, bambo?"

"Ku Limbe. Ndine Laston. Ndili ndi kankhani ndi anthu ena kuno, koma ndi ka masana."

"Za masana zidikire masana. Pano tiyeni tione oyilo."

A Goliati anatola phesi la nandolo, n'kulilowetsa m'malere pang'onopang'ono. Analitulutsa, n'kuliyandikiza kumoto.

"Mwaona? Iyi ndi ya a Howard. Oyilo wada ngati kunsi kwa mphika! Ndinakuuzani ine, musamathiremo mafuta okazingira zitumbuwa."

"Injini yanga imawakonda," anatero a Howard. "Ndikamadutsa, utsi wake umanunkhira. Ana amathamangira m'mbuyo ndi mbale."

"Munasintha liti komaliza?" anafunsa Laston.

"Chaka cha riferendamu."

"Aaa, madala! Imeneyo si injininso, ndi chiwaya."

A Goliati anagwa chagada ndi kuseka. "Chiwaya! Mwamva a Howard? Muyambe kugulitsa tchipisi pa boneti!"

"Nanga yanuyo mumathiramo chiyani?" anabweza a Howard. "Si mafuta a nsatsi? N'chifukwa chake imangotsegula m'mimba ikafika pa chitunda."

Laston anaseka mpaka misozi. Zaka zonsezi anayendetsa galimoto zenizeni, za eni ake, koma anali asanamvepo anthu okonda galimoto chotere.

"Mlendo sayenda pansi kuno," anatero a Goliati. "Pali pikiapu yofiira apo. Anaisiya a Mavuto posamukira ku Mozambique, pamalire anaikaniza. Tengani. Makiyi awa."

Anatambasula dzanja lopanda kanthu. Laston analandira ndi manja awiri, n'kuika m'thumba.

Moto unayamba kuchepa kubowo lina. Tobias ananyamuka, ndipo Laston anamutsatira. Ananyamula limodzi chipika cha bulugamu n'kuchikankhira m'kati. Kutentha kunawamenya kumaso.

"Njerwa zimafuna moto wosadukiza," anatero Tobias. "Ukangogona, zimatuluka zosapsa."

"Mwaumba nokha zonsezi?"

"Ndekha. Chilimwe chonse."

"Msana sukupweteka?"

"Umazolowera. Ukamadziwa amene adzagone m'nyumbamo, sumva kanthu."

Mawuwo anamukoma Laston. Anangotsala pang'ono kutsegula chikwama kuti amuonetse chikombole. Anati mumtima, uyu adzakhala mnzanga. Adzandiphunzitsa kuponda dothi.

"Amakanika!" anaitana a Goliati. "Ntchito yaikulu ili apa. Saluni yoyera iyi, galimoto ya mkamwini wathu Tobiasyu. Loweruka kuli chinkhoswe. Tisakachite manyazi panjira."

"Chinkhoswe? Ndiye tiikonze bwinobwino!"

Laston anavula jekete. Anagona chagada pa fumbi, n'kudzikankha ndi zidendene kulowa pansi pa galimoto imene panalibe.

"Sipanala!"

A Howard anamupatsa chisononkho cha chimanga.

"Beseni! Oyilo wakale akutuluka uyu, sunthani mapazi!"

Onse anakweza mapazi. Ngakhale Tobias wofatsayo anali kuseka.

"Mabuleki ali bwino. Koma achimwene, pa tsikulo musathamange. Wonyamula mkazi amayenda ngati wasenza mazira." Anatulutsa mutu. "Nanga mpando wa kutsogolo? Mwini wake ndani, tiupukutiretu?"

"Ndi uyo akubwera apoyo," anatero a Goliati. "Mwana wa mlongo wanga. Oyilo weniweni wafika, anyamata!"

Laston anatembenuza mutu ali chigonere. Anayamba waona mapazi. Kenaka chitenje. Kenaka chigubu cha thobwa m'dzanja, dengu la chinangwa pamutu. Moto unawalitsa nkhope.

Fayi!

Chisononkho chinagwa m'dzanja lake.

Fyness anaima. Sanakuwe. Anatula dengu pang'onopang'ono, ngati muli madzi.

"Fyness, perekani moni," anatero a Goliati. "Awa ndi amakanika ochokera ku Limbe. Akukonzerani galimoto ya Loweruka."

Anagwada chapatali, maso pansi.

"Muli bwanji, alendo?"

Alendo! Iye? Iye amene ankamutcha adalaivala anga?

"Ndili bwino," anatero Laston. Mawu anatuluka ngati a munthu wina. Anadzuka, fumbi lili mbuu kumsana. "Ndingapezeko madzi? M'manjamu muli oyilo."

A Howard anaseka. Tobias sanaseke.

Ndowa inali kuseri kwa uvuni. Fyness anatunga ndi chikho n'kuyamba kumuthirira. Madzi ankagwera pambali.

"Fayi, n'chiyani ichi?"

"Mwabweradi?"

"Ndikufunsa iwe! Loweruka? Sabata yathayi unandilembera chiyani? 'Mpando wanga muzindisungirabe.' Si iwe?"

"Ndine."

"Ndiye unkandinamiza?"

"Tsitsani mawu, amalume amva." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Mvula yoyamba ija ndinakudikirani zoona, a Laston. Ndinauza amayi. Anakulozerani malo, pafupi ndi mtengo wa mapeyala. Ndinkasesapo m'mawa uliwonse. Ndikamva kulira kwa injini kumusi, ndinkasiya mtondo n'kuthamanga."

"Ndinali pa ntchito."

"Khirisimasi ndinaphika nkhuku. Anadya ndi amalume. Anzanga anayamba kundifunsa, 'Adalaivala aja afika pati?' Ndinaleka kupita kuchitsime masana."

"Bwanji sunandiuze kuti watopa?"

Fyness anayang'ana kumene kunkachokera kuseka kwa a Goliati.

"Ine ndakulira pakati pa galimoto izi. Ndili mwana amalume ankandikweza m'lole yawo, tinkapita ku Joni n'kubwerako chakudya chisanapse. Ankandifunsa, 'Wauona mlatho?' Ine ndinkati, 'Ndauona.' Munthu sunena kuti palibe lole. Ukatero waononga."

"Ndiye?"

"Ndiye mvula yachiwiri itadutsa ndinati, ooh, kani ndi zomwe zija. A Laston nawo ali ndi yawo. Nthawi zonse ikukonzedwa, nthawi zonse inyamuka mawa. Mukalemba kuti 'ndikubwera', ine ndinkayankha kuti 'ndikudikira', ngati mmene ndinkayankhira amalume. Zinkandikoma. Ndinkayesa nanunso mukudziwa kuti tikungocheza."

"Kucheza? Fayi, ndasiya ntchito! Makiyi ndabweza! Ndabwera kudzakhala!"

Anakoka chikwama n'kutsegula. Chikombole chinaonekera, choyera, chosakhudzapo dothi.

Fyness anachigwira ndi nsonga za zala. Kenaka analira, kulira kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka.

"Mayo ine! Mwachedweranji?"

"Sindinachedwe. Loweruka silinafike. Tiye tikawauze amalume ako pompano. Mtima wanga, duwa langa, ndiyang'ane! Umandikonda kapena ayi?"

"Musandifunse zimenezo."

"Ndikufunsa!"

"Mukalankhula, mtima wanga umathamanga. A Tobias salankhula zokoma. Sadziwa n'komwe." Anaika dzanja pakhoma la uvuni, n'kulichotsa msanga chifukwa cha kutentha. "Koma gwirani apa. Izi ndi njerwa, a Laston. Zimawotcha. Dothi lake anaponda okha, madzi ndinkatunga ndine. Malo aja a pa mapeyala anawalambula ndi iwo. Ndikawauze kuti chiyani? Kuti aphwasule?"

Laston anatseka chikwama chake.

"Ndinalakwa kupitiriza kukuyankhani," anatero Fyness. "Ndikhululukireni. Koma mukanati tsiku limodzi lokha mutchule tsiku, n'kufika."

Anatola chikho chake n'kuzungulira uvuni. Laston anamumva akutsanzika kwa amalume ake. Mapazi ake anazilala m'kanjira.

Atabwerera pamoto, a Goliati anamupatsa kapu ya thobwa.

"Thirani mu injini, amakanika. Mwafooka bwanji? Mwamwa petulo?"

"Ndatopa ndi ulendo, madala."

"Tobias, bowo ilo likufuna nkhuni!"

"Ndiika ndine," anatero Laston.

Anagwada pa bowolo. Anatulutsa chikombole, n'kuchiyang'ana kanthawi. Kalipentala uja anachipala bwino, makona ake ali chilili. Anachikankhira m'kati. Matabwa ouma sanachedwe kuyaka.

Atatembenuka anapeza Tobias akumuyang'ana.

Laston anagona pomwepo, pa thumba, pafupi ndi kutentha kwa njerwa za mwini wake. Tulo sitinabwere. Ankangomva Tobias akudzuka, kusonkhezera, kukhala pansi, kudzukanso.

Kunja kutayamba kuyera, wina anamugwedeza phewa.

"Achimwene, matola ya m'mawa imaima kumusi, pa msewu waukulu. Ndi patali. Ndikuperekezeni."

Anali Tobias, atagwira njinga. A Goliati ndi a Howard anali akuliza mkonono. Laston anafuna kukana. Koma njira sankaidziwa. Anakwera pa kaliyala, chikwama pamiyendo.

Anatsetsereka kulowera kumusi. Nkhungu inali itakuta Michesi mpaka m'chiuno. Amayi osenza nkhuni ankapatuka m'njira. Anadutsa tchalitchi, ndi chulu kuseri kwake, pamwamba pake posalala ndi mapazi. Laston anayang'ana kumbali.

"Foni ya Fyness ija ndimakatchajitsa ndine ku Phalombe," anatero Tobias osacheuka. "Ndikafika pamene pali netiweki, imalira m'thumba mwanga. Sindinatsegulepo. Koma anandiuza kuti kuli wina ku Limbe."

"Ndiye munkangoinyamula?"

"Ndikanatani? Ndi yake." Anapalasa pang'ono. "Chilimwe chonse ndikamva galimoto ikukwera, ndinkasiya kuumba. Ndinkati, basi, afika."

"Munkaopa?"

"Mpaka dzulo."

Anafika pa msewu. Laston anatsika, miyendo ili dzanzi. Anatsegula chikwama n'kutulutsa chitenje chija, chikadali m'pepala lake.

"Mukampatse Fyness. Mukati mwagula ndinu."

Tobias anapukusa mutu. "Sindimunamiza. Ndikamuuza kuti ndi mphatso ya amakanika."

Analandira ndi manja awiri. Patali panamveka kulira kwa injini.

"Nanga pikiapu yofiira ija?" anafunsa Tobias. "A Goliati akafunsa. Tikusungireni?"

Laston anapisa m'thumba. Anatulutsa dzanja lopanda kanthu n'kuika m'chikhatho cha Tobias.

"Makiyi awa. Loweruka idzanyamule amayi ake ndi azakhali a ku Bangwe. Izidzayenda pambuyo pa yanu."

"Zikomo, achimwene."

"Koma muziyang'ana oyilo m'mawa uliwonse. Musamati mawa." "Ndipo a Howard asaiyandikire."

Tobias anaseka pang'ono, maso ali ofiira ndi utsi. Anafumbata dzanjalo, n'kuliika m'thumba la malaya.

Matola inaima. Anali dalaivala wa dzulo uja.

"Aaa, akulu a ku Limbe! Mwabwerera kale? Bwerani kutsogolo kuno, mpando ulibe munthu."

Laston anauyang'ana mpandowo.

"Ayi. Ndikhala kumbuyo."

Anakwera n'kukhala pa thumba la nandolo, nkhope italoza kumene ankachokera. Galimoto inanyamuka. Tobias anali atayamba kale kukankha njinga yake kukwera chitunda. Pakati pa mapiri awiri aja utsi wa uvuni unkakwerabe, woongoka, ndipo Laston anauyang'ana mpaka fumbi linautseka.